Makina a AI aphunzire ku ubongo kusunga magetsi

Chip imodzi (kachipangizo kowerengetsa masamu m'kompyuta) ya kampani ya Nvidia yotchedwa H100, imene makampani ankailimbirana mu 2023 kuti aphunzitsire AI (mapulogalamu otsanzira nzeru za munthu), imatha kudya magetsi okwana mawati 700 ikamagwira ntchito mwamphamvu. Machip otere saagula imodziimodzi. Amawadzaza masauzande m'nyumba imodzi, n'kuikamonso makina oziziritsa amene nawonso amafuna magetsi awoawo. Pomwe ubongo wa inu amene mukuwerenga mawuwa ukugwiritsa ntchito mawati pafupifupi 20, mphamvu yongokwanira kuyatsa babu limodzi. Ndi mawati 20 omwewo ukuzindikira zilembo, ukumva phokoso la panja, ukuyang'anira kapumidwe kanu, komanso ukusinkhasinkha ngati zimene ndikunenazi zili zoona. Kusiyana kumeneku kwakhala kukundisowetsa mtendere kwa nthawi yaitali.

Bungwe la International Energy Agency linawerengetsa kuti mu 2024 nyumba zosungiramo makompyuta akuluakulu, zimene amazitcha ma data centre, zinagwiritsa ntchito magetsi okwana ma terawatt-hour pafupifupi 415, omwe ndi 1.5 peresenti ya magetsi onse a padziko lapansi. Linayerekezanso kuti pofika 2030 chiwerengerochi chidzakhala chitafika cha m'ma 945. Si magetsi onsewa amene amapita ku AI, koma AI ndi imene ikukweza kwambiri chiwerengerocho. Ku Ireland, ma data centre anadya 21 peresenti ya magetsi onse oyezedwa ndi mita mu 2023. Mu September 2024 kampani ya Microsoft inasainirana mgwirizano wa zaka 20 ndi kampani ya Constellation kuti atsegulenso gawo lina la malo opangira magetsi a nyukiliya a Three Mile Island ku Pennsylvania, gawo lomwe linali litatsekedwa mu 2019. Zikafika potsegulanso malo a nyukiliya kuti makompyuta aziyankha mafunso athu, ndiye kuti nthawi yakwana yoti tiwafunse makinawo kuti magetsi onsewa akuwapititsa kuti.

Maganizo anga ndi akuti gawo lalikulu la magetsiwa likuwonongeka chifukwa cha kamangidwe ka kompyuta kamene tinatengera kwa akatswiri a m'ma 1940, ndipo anthu amene akupanga machip a analogi (owerengetsa ndi milingo ya magetsi m'malo mwa 0 ndi 1 za makompyuta a dijito) otengera kagwiridwe ntchito ka ubongo ndi amene afika pa gwero la vutoli. Akuyenera kupatsidwa ndalama, nthawi ndiponso khutu. Koma ndikuonanso kuti ena mwa owakonda amawalonjezera zinthu zimene sangakwanitse, ndipo malonjezo otere ndi amene angaphe ntchito yabwinoyi.

Tiyambe ndi kumene magetsi amathera. Mu 1945 John von Neumann analemba lipoti lofotokoza kamangidwe ka kompyuta yotchedwa EDVAC, ndipo mpaka lero pafupifupi kompyuta iliyonse imatsatira ndondomeko yomweyo: manambala amasungidwa kwina, ku memory, ndipo amawerengetsedwa kwina, ku purosesa. Pakati pa ziwirizi pali mawaya. Nambala iliyonse imene ikufunika iyenera kunyamulidwa kuchoka kosungira kupita kowerengetsera, yankho likapezeka n'kubwezedwanso. Pofika 1977 John Backus, mmodzi wa akatswiri a mapulogalamu, anali atadandaula kale kuti kanjira kameneka n'kopanikiza. Nthawi imeneyo dandaulo linali la liwiro. Lero lasanduka la magetsi.

Mu 2014 Mark Horowitz wa ku Stanford anaonetsa manambala amene akatswiri amawabwerezabe mpaka pano. Pa machip a nthawi imeneyo, kuphatikiza manambala awiri a mabiti 32 (biti imodzi ndi 0 kapena 1) kunkafuna mphamvu yosakwana picojoule imodzi (muyeso waung'ono kwambiri wa mphamvu). Kuwachulukitsa kunkafuna mapicojoule 3.7. Koma kukatenga nambala imodzi yokha ya mabiti 32 ku memory ya kunja kwa chip, yotchedwa DRAM, kunkafuna mapicojoule 640. Taganizani kalaliki amene wapatsidwa masamu mamiliyoni ambiri, koma nambala iliyonse ili m'kaundula wa m'nyumba ina kutsidya kwa msewu, ndipo amaloledwa kunyamula zochepa pa ulendo umodzi. Pofika madzulo adzakhala atatheratu, osati ndi masamu, koma ndi miyendo. Ndi mmene zililinso ndi AI. Pulogalamu yaikulu ya AI imakhala ndi manambala mabiliyoni ambiri osonyeza kulimba kwa timalumikizo take, ndipo kuti itulutse liwu limodzi lokha la yankho, manambala ambirimbiri amayenera kukokedwa ku memory, kuchulukitsidwa, kuphatikizidwa, kenako n'kuyambiranso pa liwu lotsatira. Foni ikamatentha m'manja mwanu, mbali ina ya kutenthako ndi maulendo amenewa.

Ubongo suyenda maulendo otere. Uli ndi maselo otchedwa manyuroni pafupifupi 86 biliyoni, ndipo pamene selo limodzi likukhudzana ndi linzake pali kamalumikizo kotchedwa synapse. Zimene taphunzira zimasungidwa pa kulimba kwa timalumikizo timeneti, ndipo uthenga ukamadutsa pomwepo ndi pamene masamuwo amachitikira. Posungira ndi powerengetsera ndi pamodzi. Chinanso n'chakuti maselo ambiri amakhala chete nthawi yaitali, amangolankhula akakhala ndi chonena, pomwe wotchi ya m'kati mwa purosesa imagunda maulendo mabiliyoni pa sekondi, kaya pali ntchito kaya palibe. Ndipo chimene chimandidabwitsa kwambiri n'chakuti ubongo si wolondola ngati mmene timaganizira. Pa timalumikizo tambiri, uthenga ukafika suwoloka ulendo uliwonse, nthawi zina umangothera pomwepo. Komabe mumazindikira nkhope ya mayi anu ngakhale kuli chisisira.

Tsono machip a analogi amatengera chiyani pamenepa? Yerekezerani kaukonde ka timawaya, tina topingasa tina toimirira, ngati mizere ya m'kope la masamu. Pamphambano iliyonse pamene timawaya tiwiri tadutsana pali kachipangizo kakang'ono kwambiri kamene kangachunidwe kuti kazilola magetsi ambiri kapena ochepa kudutsa. Kuchunidwa kumeneko ndiye nambala yosungidwa. Mukalowetsa volteji pa waya wopingasa, magetsi odutsa pa kachipangizoko amakhala volteji ija kuchulukitsa ndi mlingo umene kachipangizoko kamalola. Ili ndi lamulo la Ohm, lodziwika kuyambira 1827. Magetsi onse ochokera pa mphambano zosiyanasiyana akatsikira pa waya umodzi woimirira, amasonkhana okha ngati timifuleni tothira mumtsinje umodzi, ndipo ili ndi lamulo la Kirchhoff la mu 1845. Kuchulukitsa kwachitika, kuphatikiza kwachitika, koma palibe nambala imene yanyamulidwa kupita kulikonse. Kaukonde ka timawaya 256 topingasa ndi 256 toimirira kamachita masamu ochulukitsa 65,536 nthawi imodzi. Pa njira ya dijito, kuchulukitsa kumodzi kokha kumafuna matransistor (timaswichi tating'ono kwambiri ta m'chip) mazanamazana kapena masauzande otsekuka ndi kutseka motsatizana. Apa chilengedwe ndi chimene chikuwerengetsa, ife tikungoyeza yankho kumapeto kwa waya.

Tizipangizo ta pamphambanoti tilipo ta mitundu ingapo. Leon Chua wa ku Berkeley analosera mu 1971 kuti payenera kukhala kachipangizo kamene kamakumbukira magetsi amene anadutsapo, n'kukatcha memristor, ndipo mu 2008 gulu la ku HP Labs linalengeza kuti lapanga kotere pogwiritsa ntchito titanium dioxide. Akatswiri a IBM amakonda njira ina, yogwiritsa ntchito msanganizo wa germanium, antimony ndi tellurium, wa mtundu womwe uja unkagwiritsidwa ntchito pa ma CD ndi ma DVD otha kufufutidwa n'kulembedwanso. Kadontho ka msanganizowu kakatenthedwa mpaka kusungunuka n'kuzizira mwadzidzidzi, kamauma mosalongosoka ngati galasi ndipo magetsi amavutika kudutsamo. Kakatenthedwa pang'ono mofatsa, timaatomu take timandandalikana bwino ndipo magetsi amadutsa mosavuta. Pakati pa ziwirizi pali milingo yambiri, ndipo mlingo uliwonse ndi nambala. Magetsi akazima, nambalayo imakhalabe pomwepo. Mu 2023 IBM inafalitsa m'magazini ya Nature zotsatira za chip yokhala ndi timadontho totere 35 miliyoni, imene inkasandutsa mawu olankhulidwa kukhala olembedwa molondola pafupifupi ngati makina a dijito. Chaka cha m'mbuyo mwake, akatswiri a ku Stanford, ku San Diego ndi ku Tsinghua anali ataonetsa chip yawo yotchedwa NeuRRAM, yokhala ndi timaselo 3 miliyoni. Izi si nkhambakamwa ayi, ndi zinthu zogwirika zimene zinayesedwa n'kuyezedwa.

Maganizowa ndi akale kuposa mmene ambiri amaganizira. Makina a Frank Rosenblatt otchedwa Mark I Perceptron, a kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ankaona ndi timaso tamagetsi 400, ndipo zimene aphunzira ankazisunga pa timabatani topotokola ngati ta voliyumu ya wailesi, tomwe tinkapotokoledwa ndi timainjini tamagetsi. Munthu akanatha kuima pambali n'kumaona makinawo akuphunzira, timabatani tikuzungulira. Kenako m'zaka za m'ma 1980, Carver Mead wa ku Caltech anazindikira kuti transistor ikapatsidwa volteji yochepa kwambiri, yosakwana kuitsegula bwinobwino, imachucha timagetsi m'njira yofanana ndi mmene timabowo ta pakhungu la nyuroni timachitira. Anthu a dijito ankaona kuchucha kumeneku ngati chilema. Mead anakuona ngati chida, ndipo ndi iye amene anayambitsa liwu loti neuromorphic. Wophunzira wake Misha Mahowald anapanga diso la silicon lotengera kagwiridwe ntchito ka retina (mbali ya m'kati mwa diso yolandira kuwala), limene linafika pachikuto cha magazini ya Scientific American mu 1991. Mahowald anamwalira mu 1996 ali ndi zaka 33 zokha, ndipo ndimadzifunsa kuti ntchitoyi ikanakhala itafika pati iye akanakhalapo.

Apa ndikufuna kuchenjeza za chisokonezo chimene ndimachiona kawirikawiri m'nkhani. Chip ikangotchedwa "yotengera ubongo", anthu amaganiza kuti ndi ya analogi. Zambiri zotchuka si za analogi. TrueNorth ya IBM ya mu 2014, yokhala ndi manyuroni 1 miliyoni ndi timalumikizo 256 miliyoni pa mamiliwati pafupifupi 70, ndi ya dijito. Loihi ya Intel ndi ya dijito, chimodzimodzinso makina a Hala Point amene anaikidwa ku Sandia National Laboratories mu 2024, okhala ndi machip 1,152 ndi manyuroni 1.15 biliyoni. SpiNNaker ya Steve Furber ku Manchester ndi mapurosesa a ARM okwana 1 miliyoni olumikizidwa mwanzeru. Zonsezi zinatenga ku ubongo khalidwe lokhala chete mpaka pakhale chonena, ndiponso loika memory pafupi ndi powerengetsera, koma manambala ake akadali a 0 ndi 1. Amene anatsatira Mead mpaka kumapeto ndi monga a BrainScaleS ku Heidelberg, kumene nyuroni iliyonse ndi kadera kamagetsi kenikeni kamene volteji yake imakwera ndi kutsika yokha, mofulumira maulendo 1,000 kapena kuposa poyerekeza ndi nyuroni yamoyo. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika, chifukwa mavuto a analogi ndi akeake, ndipo sabisika.

Walira mvula walira matope. Ukalola chilengedwe kukuwerengetsera, walolanso zofooka za chilengedwe. Timadontho tiwiri topangidwa tsiku limodzi pa chip imodzi sitifanana ndendende. Kutentha kwa m'chipinda kukasintha, magetsi odutsa amasintha. Kadontho ka IBM kaja, kakauma ngati galasi, timaatomu take timapitiriza kusuntha pang'onopang'ono, moti nambala imene unalemba lero imakhala itasendera pakatha mwezi. Ichi ndi chifukwa chake makompyuta a analogi, amene anali ndi mbiri yabwino kuyambira pa makina a Lord Kelvin olosera kukwera kwa nyanja m'ma 1870 mpaka a Vannevar Bush ku MIT mu 1931, anagonja dijito itakhwima. Pa dijito, 7 ndi 7 lero, mawa, ndiponso pa kompyuta ina iliyonse. Ndalama za kubanki, mlingo wa mankhwala, kawerengedwe ka mavoti, zonsezi ziyenera kukhala pa dijito mpaka kalekale, ndipo wonena zosiyana ndi izi sindingamumvere.

Koma funso ndi lakuti, kodi ntchito iliyonse ikufunika kulondola koteroko? Makampani a dijito omwewo ayankha kale ndi zochita zawo. Poyamba mapulogalamu a AI ankawerengetsedwa ndi manambala a mabiti 32. Anatsika kufika pa 16, kenako 8, ndipo machip a Nvidia a Blackwell amene analengezedwa mu 2024 amatha kuwerengetsa ndi mabiti 4 okha, kutanthauza milingo 16 basi. Mayankho sanawonongeke kwenikweni. Kuzindikira kuti pachithunzi pali galu, kapena kuti munthu wanena "inde", sikudalira nambala yachisanu ndi chiwiri pambuyo pa kadontho. Ngati milingo 16 ikukwanira, ndiye kuti tafika m'dera limene analogi imatha kupikisana. Ndiponso akatswiri anapeza njira yosavuta kumva: pophunzitsa pulogalamuyo amathiramo dala timasokonezo tofanana ndi timene idzakumane nato pa chip, kuti izolowere, monga mmene woyendetsa ndege amaphunzitsidwira m'makina oyerekezera mphepo yamkuntho asanakumane nayo yeniyeni.

Vuto limene ndimaliona lalikulu kuposa kusendera kwa manambala ndi la pakhomo lolowera ndi lotulukira. Dziko la makompyuta ndi la dijito. Choncho nambala iliyonse yolowa m'kaukonde kaja iyenera kusandutsidwa volteji, ndipo magetsi otuluka kumapeto kwa waya ayenera kuyezedwa n'kusandutsidwanso 0 ndi 1. Tizipangizo tochita zimenezi, totchedwa DAC ndi ADC, nthawi zambiri timadya magetsi ndi malo ambiri kuposa kaukondeko. Apa ndi pamene malonjezo ambiri amapunthwira. Munthu amayeza magetsi a kaukonde kokha, n'kulengeza kuti chip yake imasunga magetsi maulendo mazanamazana kuposa GPU (chip ya dijito yonga H100 ija), osawerengera za pakhomo, za mawaya olumikiza timaukonde, ndi za kapurosesa koyang'anira zonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndimakhulupirira nambala yoyezedwa pamene chingwe cha magetsi chikulowera m'makina onse, ali pa ntchito yeniyeni imene wina aliyense angaibwereze. Pepala la IBM lija ndimalilemekeza chifukwa linayesa chip yawo pa mayeso odziwika a MLPerf, ndipo zimene linapeza zinali zabwino koma zosadumpha malire.

Msika nawonso wakhala wouma mtima. Kampani ya Mythic ya ku Texas inapanga chip ya analogi yosunga manambala m'timaselo ta flash, yogwira ntchito yozindikira zithunzi pa mawati pafupifupi 3. Mu November 2022 ndalama zinawathera, ndipo anadzukanso chaka chotsatira atapeza ena owathandiza. Kampani ya Synaptics, imene Mead anaiyambitsa ndi Federico Faggin mu 1986 ndi cholinga chopanga machip otengera ubongo, inadzatchuka ndi kabwalo kokhudza ndi chala ka pa laputopu. Intel inali ndi chip ya analogi ya mtundu umenewu kale mu 1989, yotchedwa ETANN, koma sinapite patali. Ndipo dijito siinaime kudikira. Chip ya IBM yotchedwa NorthPole, ya mu 2023, ndi ya dijito yokhayokha, koma inamwaza memory pakati pa malo owerengetsera moti maulendo aja anachepa kwambiri. Wotsutsa angathe kunena kuti phunziro la ubongo latengedwa kale, analogi ikhale pansi.

Sindikugwirizana naye, ndipo chifukwa changa chili m'mbiri ya AI yomweyi. Njira yophunzitsira maukonde a manyuroni (mapulogalamu a AI otsanzira kulumikizana kwa maselo a ubongo) imene ikugwiritsidwa ntchito lero inafalitsidwa mu 1986 ndi Rumelhart, Hinton ndi Williams, koma kwa zaka zambiri anthu ambiri ankaiona ngati yosathandiza. Chimene chinasintha zinthu mu 2012, pamene pulogalamu ya AlexNet inapambana mpikisano wozindikira zithunzi, chinali makadi awiri a Nvidia GTX 580, opangidwira anthu osewera magemu a pakompyuta. Zinangochitika kuti masamu ojambulira zithunzi za magemu ndi ofanana ndi masamu a maukonde a manyuroni. Sara Hooker analemba mu 2020 kuti maganizo ambiri a sayansi ya makompyuta amapambana chifukwa anapeza makina owayenerera alipo kale, ndipo anazitcha lotale ya makina. Kuchokera apo, mapulogalamu onse a AI akhala akuumbidwa kuti ayenerane ndi GPU, ophunzira onse akuphunzitsidwa zida za GPU, ndalama mabiliyoni zikuthiridwa komweko. Tsono tikatenga pulogalamu yoleredwa pa GPU n'kuiika pa chip ya analogi yopangidwa ndi kagulu ka anthu ochepa pa yunivesite, ndi makina opangira machip a zaka khumi zapitazo, n'kunena kuti yalephera, kodi tayeza chiyani? Mpikisano wake sunayambire pa mzere umodzi.

Geoffrey Hinton, amene analandira mphoto ya Nobel ya physics mu 2024 limodzi ndi John Hopfield, ananenapo mu 2022 za chinthu chimene anachitcha kuwerengetsa kokhala ndi imfa. Ankatanthauza kuti ngati tilola chip iliyonse kuphunzira mogwirizana ndi zilema zakezake, idzasunga magetsi kwambiri, koma zimene yaphunzirazo sizingakopedwe n'kuikidwa pa ina, ndipo chip ikafa nzeruzo zimafa nayo. Ndi mmene zilili ndi ife anthu: mphunzitsi sangatsanulire ubongo wake m'mutu mwa mwana, amayenera kumuphunzitsa. Kwa kampani imene ikufuna kuphunzitsa pulogalamu imodzi n'kuikopera pa makina 100,000, zimenezi n'zosatheka kuzilandira. N'chifukwa chake sindiyembekezera kuti analogi ilande ntchito yophunzitsa mapulogalamu akuluakulu m'zaka zikubwerazi, ndipo amene amalonjeza zimenezo akuchedwetsa ntchito imene analogi ingagwire bwino lero.

Palinso china chimene okonda machipwa sakonda kuchimva. Ngakhale atakwanitsa kuchepetsa magetsi a funso lililonse maulendo khumi, sizikutanthauza kuti ma data centre adzachepetsa magetsi. William Stanley Jevons anaona mu 1865 kuti injini za nthunzi zitayamba kugwiritsa ntchito malasha ochepa, Britain inayamba kuwotcha malasha ambiri kuposa kale, chifukwa injinizo zinatchipa ndipo aliyense anazifuna. AI ikatchipa, tidzaifunsa mafunso ambiri, tidzaiika m'zinthu zambiri. Malire a magetsi ndi madzi amene ma data centre angatenge ndi nkhani ya malamulo ndi maboma, chip singaithetse. Choncho ndikamalimbikitsa analogi, sindikunena kuti idzazimitsanso Three Mile Island.

Kumene ndikuona phindu lake lenileni ndi ku tizipangizo ting'onoting'ono timene timayenera kukhala maso usana ndi usiku pa batire laling'ono. Tengani kamera wamba yoyang'anira khonde lopanda munthu usiku. Imajambula zithunzi 30 pa sekondi, chilichonse chofanana ndi chinzake, n'kuzitumiza zonse kuti purosesa izipende, kapena n'kuzikweza pa intaneti kuti zikapendedwe kutali. Tsono tengani kamera yochokera ku ntchito ya Mahowald, monga imene Tobi Delbruck ndi anzake ku Zurich anaifotokoza mu 2008, ya timadontho 128 m'litali ndi 128 m'lifupi. Kadontho kalikonse kamadziyang'anira kokha, ndipo kamalankhula pokhapokha kuwala kukasintha pamalo pake. Khonde likakhala zii, kamerayo nayonso imakhala pafupifupi zii. Mphaka akadutsa, timadontho tokhudzidwa ndi m'mphepete mwa thupi lake ndi timene timatumiza uthenga, mofulumira kuposa kuphethira kwa diso. Sony ndi kampani ya ku Paris yotchedwa Prophesee akugulitsa kale timaso totere. Apa dziko lenilenilo, kuwala ndi phokoso ndi kugunda kwa mtima, limabwera lili la analogi kale, choncho likapendedwa pomwepo lisanasandutsidwe manambala, vuto la pakhomo lija limachepa kwambiri.

Ganizirani kachipangizo kothandiza kumva kamene kamakhala m'khutu la nkhalamba. Batire lake ndi laling'ono ngati batani la malaya. Kuti kasiyanitse mawu a mdzukulu ndi phokoso la magalimoto kakufunika nzeru, koma sikangathe kunyamula purosesa yotentha, ndipo sikangadikire kuti mawu apite ku data centre n'kubwerako, chifukwa milomo ya wolankhulayo idzakhala itatseka kale. Ganizirani kachipangizo kokhala pachifuwa kapena pansi pa khungu komvetsera mtima, kamene kusintha batire lake kumafuna opaleshoni. Ganizirani timasensa tomata pa mlatho kapena pa injini, tomvetsera ming'alu isanakule, kumalo kumene kulibe chingwe cha magetsi. Pa ntchito zotere, kusiyana kwa mamiliwati khumi ndi miliwati imodzi ndi kumene kumagamula ngati chinthucho chingapangidwe n'komwe. Ndipo pali phindu lina limene ndimaliona lalikulu: mawu a m'nyumba mwa munthu ndi kagundidwe ka mtima wake zimapendedwa pomwepo, sizituluka kupita pa makompyuta a kampani ina kutsidya kwa nyanja.

Chimene ndikupempha kwa amene amagawa ndalama za kafukufuku, m'maboma ndi m'makampani, n'chakuti asiye kufunsa akatswiri a analogi ngati angagonjetse Nvidia pofika chaka chamawa. Awapatse mwayi wopangira machip awo m'mafakitale amakono, chifukwa pa makina akale ngakhale ganizo labwino limaoneka lofooka. Alipirenso ntchito yosatchuka yolemba mapulogalamu othandiza munthu wamba wodziwa chinenero cholembera mapulogalamu cha Python kuika ntchito yake pa chip yotere popanda kukhala katswiri wa zamagetsi, poti chimene chinamangirira anthu ku Nvidia ndi CUDA, pulogalamu yake yothandiza kugwiritsa ntchito ma GPU, imene yakhala ikukonzedwa kuyambira 2007. Ndipo kwa akatswiriwo ndikupempha kuti azifalitsa manambala a makina athunthu, ndi ADC yomwe, komanso azinena chip yawo ikayesedwanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi, itakhala pamalo otentha, kuti yasendera motani. Wopanga kachipangizo ka m'khutu kaja akufuna kudziwa zimenezo asanaike chipyo m'khutu la munthu.